Mmene Anandisandutsira Wamasiye ku Sinda

Nditamaliza maphunziro a zachitukuko cha m'midzi ku Chipata, ndinabwerera kumudzi kufupi ndi Mkaika, satifiketi m'chikwama, ntchito palibe. Ndinali pa chitengwa. Amuna anga ankaphunzitsa pa pulayimale ya komweko, ndipo ine ndinkalima mtedza ndi thonje pamodzi ndi apongozi anga, amayi awo, omwe nyumba yawo inali kuseri kwa yathu. Apongoziwo sankandinyoza poyera, koma ndikadandaula msana kumunda ankangoti, "Kodi ku koleji kuja sanakuphunzitseni kuwerama?"

Tsiku lina ndili pamsika wa Katete ndinaona pepala lomatidwa pakhoma la sitolo. Kabungwe kena ka ku Sinda, kothandiza amayi amasiye powapatsa mbuzi, kankafuna munthu woyendera midzi. Ndinalembera, ndipo pasanapite nthawi anandiimbira foni kuti ndipite ku intaviyu.

Inali nyengo yozizira. Ndinasita siketi ndi jekete yakuda, nsapato zanga zabwino ndinaziika m'pulasitiki, n'kuyenda ndi patapata mpaka kumsewu waukulu. Nsapatozo ndinavalira mu minibasi titayandikira Sinda.

Ofesi yake inali sitolo yakale kuseri kwa chigayo. Pakhonde panali benchi, ndipo pabenchipo panali akazi okhaokha, onse ovala bwino ngati ine, aliyense envulopu yake pamiyendo. Amene ndinakhala naye pafupi anali mayi wamtali wochokera ku Vubwi. Anandiuza kuti ananyamuka dzulo lake n'kugona kwa mbale wake, mwana woyamwa atamusiyira mng'ono wake. Mkaka unali utayamba kudontha pabulauzi, ndiye ankangoika envulopu pachifuwa kuti zisaoneke. Anandigawira mbatata yootcha, tinadya mobisa tikuseka.

Nthawi yanga itakwana ndinalowa. Mkatimo munali anthu awiri: abwana a bungwelo, bambo wonenepa wa wotchi yaikulu, ndi mtsikana wina amene ankalemba mayankho anga uku akuyang'ana foni. Patebulo panali mbale ya tchipisi ndi mafupa a nkhuku, ntchentche zikutera. Abwanawo ankandifunsa mafunso akutokosa m'mano ndi kamtengo ka machesi, ndipo zimene atokosazo ankaziyang'ana kaye asanazipukutire kunsi kwa tebulo. Ndinayesetsa kuyang'ana pakhoma.

Koma mafunsowo ndinayankha bwino, zimenezo sindikayika. Anandifunsa za matenda a mbuzi, za kasonkhanitsidwe ka amayi m'magulu, za chochita ngati abale a malemu akufuna kulanda ziweto. Zonsezo ndinaziphunzira, ndipo zina ndinaziona ndi maso kumudzi.

Pomaliza anati, "Madamu, muli ndi funso?"

Ku koleji anatiphunzitsa kuti pamenepa usamanene kuti ulibe. Ndinafunsa midzi imene bungwelo likugwiramo ntchito, ndiponso kuti yankho ndiliyembekezere liti.

"Midzi ndi yambiri," anatero. "Yankho posachedwa. Mwatisangalatsa kwambiri, madamu. Kwambiri."

Ndinaimirira, n'kuthokoza, n'kupereka mkono. Dzanja lawo linali la mafuta a nkhuku. Ndikutembenuka kuti ndizituluka, anandiimitsa.

"Kwatsala kanthu kamodzi chabe. Anzathu a kunja amene amatithandiza safuna munthu wonyada. Amafuna aone kuti amene tikumulemba angathe kukhala ngati mayi wa kumudzi. Ndiye tikujambulani kachithunzi ka mufayilo."

Mtsikana uja ananditengera kuseri kwa ofesi. Kumeneko kunali khoma ladothi lakugwa mbali imodzi, ndi mbuzi yoyera yomangidwa pachitsa. Anandiuza kuti ndivule jekete ndi nsapato. Kenako anatulutsa chitenje m'katoni. Chitenjecho sindidzachiiwala. Chinali chong'ambika m'mphepete, cholimba ndi litsiro, chikununkha utsi, thukuta ndi mkodzo wa mwana. Chinali chofunda, kusonyeza kuti mnzanga amene analowa ine ndisanalowe anali atangochivula. Anandipatsanso duku yothimbirira.

"Ine ndine wa kumudzi kale," ndinatero. "Dzulo lomweli ndinali kumunda."

"Valani chabe, amayi. Onse avala."

Ndinavala. Ndinkafuna ntchito. Anandigwiritsa chingwe cha mbuzi, n'kundiimika pakhoma lakugwalo. Nditamwetulira, anatsitsa foni.

"Osaseka. Yang'anani pansi pang'ono. Ganizirani chinthu chomvetsa chisoni."

Sindinavutike kuchipeza, fungo la chitenjecho linali lokwanira. Anajambula kangapo, n'kuti basi. Ndinavala jekete yanga, koma fungo lija linandikakamira mpaka kunyumba, moti ndinafikira kusamba ndisanapereke moni kwa apongozi. Za chithunzicho sindinauze munthu. Amuna anga atandifunsa ndinangoti zayenda bwino.

M'mawa mwake ndinatumiza uthenga pafoni wothokoza chifukwa cha mwayi wa intaviyu, monga anatiphunzitsira. Ndinaulemba n'kuufufuta kangapo kuti umveke waulemu koma wosapempha. Sanayankhe. Patapita masabata angapo ndinaimba. Anayankha mtsikana uja, nati akudikira anzawo a kunja. Ndinadikira, n'kuimbanso. Ulendo uno anati abwana ali ku Lusaka. Kenako foni inkangoitana. Tinatola thonje, tinaligulitsa, mphepo yotentha inayamba, ine ndikungoyenda ndi foni m'chitenje ngakhale popita kumjigo.

Amuna anga ndiwo anati, "Amake mwana, pitani mukaonekere nokha. Pafoni munthu amakuiwala."

Ndinasitanso jekete ija.

Nditakhota pachigayo ndinaona kuti ofesi yasintha. Anali ataipaka laimu, ndipo pakhoma lakutsogolo, loyang'ana njira yopita kumsika, anapachikapo chinsalu chachikulu cha pulasitiki chokhala ndi zithunzi. Ndinayamba kuzindikira mbuzi. Kenako chitenje. Nkhope ndinaizindikira pomaliza, chifukwa sindinadziwe kuti ndingaoneke choncho: maso pansi, milomo youma, mapazi otuwa pafumbi. Ndinali pakati penipeni, wamkulu kuposa onse. M'mbali munali anzanga a pabenchi paja, aliyense m'chitenje chomwecho, ndi mbuzi yomweyo. Mayi wa ku Vubwi anali pakona yakumunsi.

Pansi pa chithunzi changa analembapo m'Chingerezi kuti mayi uyu mwamuna wake anamwalira, anamusiyira ana asanu, ankagona ndi njala, koma tsopano mbuzi imeneyi yamubwezera chiyembekezo. Ine mwana ndinali naye mmodzi. Mwamuna wanga ndinamusiya m'mawa womwewo akupopa njinga.

Ndinaima pamenepo, anthu akudutsa ndi matumba a chimanga kupita kuchigayo. Mayi wina anayang'ana chinsalucho, n'kuyang'ana ine, n'kuyang'ananso chinsalucho.

Ndinalowa osagogoda. Abwana anali pampando wawo, akusenda nthochi.

"Aa, madamu! Mwachita bwino kubwera. Timati tikuimbireni."

"Abwana, n'chiyani chili pakhomapo?"

"Mwachiona? Mwatuluka bwino kuposa onse. Anzathu a kunja anachikonda kwambiri chithunzi chanu."

"Mwalemba kuti amuna anga anamwalira."

Anaseka, nthochi ili m'kamwa. "Amenewo ndi malembedwe chabe. Dzina lanu palibe. Amasiye enieni alipo ambiri, koma mukudziwa, ena sajambulika bwino, ena amakana. Inu mwangowaimira. Mwathandiza amasiye, madamu. Si ntchito imene munkafuna imeneyo?"

"Ndabwera kudzamva za ntchito imene ndinachitira intaviyu."

Anapukuta manja pathalauzi, n'kutsamira kutsogolo, n'kutsitsa mawu ngati akundiuza nkhani yabwino. Anati ntchito yoyendera midzi iyembekeze kaye, thandizo silinafike. Koma panali mwayi wina. Mwezi wamawa kukubwera alendo a kunja, ndipo apempha kuti akaonane ndi mayi wa pachithunzi uja. Iwo anali atapeza kale kanyumba kumudzi wina kufupi ndi Sinda. Ine ndikangokhala pakhomo la kanyumbako tsiku limodzi, n'kufotokoza mmene amuna anga anadwalira, mmene abale awo anandilandira katundu. Ana asanu adzapezeka.

"Inu mumamva Chingerezi, ndiye mudzadziwa pamene pakufunika misozi. Koma osayankhula Chingerezicho, adzadabwa. Mukachita bwino, ntchito ija ndi yanu."

Ndinawayang'ana. Pamlomo wawo wakumunsi panali kachidutswa ka nthochi, kakukwera ndi kutsika akamayankhula. Ndinafuna kunena zambiri, koma chimene chinatuluka n'chakuti, "Chotsani chithunzi changa."

"Kaganizireni kaye. Anzanu akuulirira mwayi umenewu."

Ndinatuluka. Mu minibasi ndinakhala pawindo, ndikudzinunkhiza m'manja, ngakhale chitenje chija sindinachikhudze tsiku limenelo.

Ndinafika kunyumba dzuwa likadalipo, n'kupeza amuna anga akuchonga makope pakhonde. Ndinawafotokozera zonse, kuyambira pa chitenje. Poyamba anaseka. "Ndiye ndinafa ndi chiyani? Anakuuzani?" Koma ataona kuti ine sindikuseka, nawonso analeka. Anatseka kope. Kenako anati, "Ku Sinda kuja makolo a ana anga a sukulu amapitako."

Tinagwirizana kuti apongozi asamve. Koma nkhani inali itatitsogolera. Mayi wina wa m'chigwirizano cha kutchalitchi kwathu, amene amakagula tomato ku Sinda, anali atachiona chinsalucho, ndipo mwana wake anamuwerengera mawuwo. Lamulungu tikutuluka m'tchalitchi anawakokera pambali apongozi. Ndinawaona ali pansi pa mtengo wa mango, winayo akuloza ndi mlomo kumene ndinaima.

Apongozi sanadikire kuti tifike kunyumba. Anandipeza panjira.

"Inu, mwana wanga mwamuika liti m'manda?"

"Amayi, ndiloleni ndifotokoze."

"Mufotokoze chiyani? Mwana wanga akudya, akuyenda, inu mwakaima pamsewu kuuza dziko lonse kuti anafa! Mukumufunira chiyani? Ntchito imeneyo ndi yoti mugule ndi moyo wa mwana wanga?"

Amayi a chigwirizano anali ataima chapatali, mayunifomu awo oyera, akumvetsera. Ndinagwada pafumbi pomwepo ndi zovala za kutchalitchi, n'kunena kuti sindinadziwe, anandinamiza. Amuna anga anayesa kulowererapo, koma anawakalipira nawonso. Masiku awiri apongozi sanadye chakudya chophika ine. Mwana wanga akapita kwawo ankamulandira, koma mbale imene ndatumiza inkabwerera yosavundukula. Chinandipweteka kwambiri n'chakuti mbali ina ankanena zoona: palibe anandigwira pakhosi kuti ndivale chitenje chija.

Tsiku lachitatu m'mawa anabwera pakhomo atavala nsapato zawo za pa ulendo.

"Tiyeni mukandionetse munthu ameneyo. Iwenso," anauza mwana wawo, "vala tayi."

Amuna anga anapempha chilolezo kwa ahedi, tinanyamuka atatu. Titafika pachinsalu paja apongozi anaima, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Sadziwa kuwerenga, ndiye anauza mwana wawo kuti awawerengere liwu lililonse m'Chichewa. Amuna anga anawerenga za imfa yawo yomwe. Apongozi analavula pansi, n'kulowa.

Abwana ataona ine anayamba kumwetulira, poganiza kuti ndavomera. Ataona enawo kumwetulirako kunatha.

Apongozi anakana mpando. Anagwira mwana wawo pamkono, n'kumukankhira kutsogolo kwa tebulo.

"Bambo, ndakubweretserani malemu. Awa. Ndinawabereka ine. Tandiuzani, munawaika kuti? Chifukwa ine mayi wawo pamaliropo sindinaitanidwe."

"Amayi, khalani pansi tikambirane bwinobwino..."

"Agwireni. Agwireni muone ngati azizira."

Abwanawo sanawagwire. Anayamba kufotokoza za anzawo a kunja, za amasiye ovutika, za mmene zinthu zimayendera masiku ano. Anati madamuwa anavomera okha kujambulidwa. Amuna anga, omwe sakonda mikangano, anafunsa mwaulemu kuti, "Abwana, pa amayi onse ali pachinsalupo, wamasiye ndi uti?" Abwana anangoyang'ana wotchi yawo. Amuna anga anafunsanso kuti, "Nanga ntchito imene munalengeza ija, inalipo?" Abwana anati funso limenelo ndi lachipongwe.

Mawu a apongozi anali atamveka mpaka kuchigayo, ndipo anthu anayamba kusonkhana pakhomo, ena ufa uli m'tsitsi. Abwana ataona zimenezo anasintha. Anauza mtsikana uja kuti achotse chithunzi cha madamu. Iye anafunsa ngati atsitse chinsalu chonse.

"Ayi! Chinsalu chimenecho n'chodula. Dulanipo iwowo basi."

Mtsikanayo anatenga sizasi, n'kukwera pabenchi lomwe tinakhalapo tsiku la intaviyu, n'kuyamba kundidula. Anadula mosamala, kuzungulira mutu, mapewa, mpaka kumapazi. Mbuzi anaisiya. Pachinsalupo panatsala chibowo chooneka ngati munthu, chingwe cha mbuzi chikuthera m'malere, ndipo pansi pake mawu aja a mwamuna womwalira ndi ana asanu anali pomwepo. Amuna anga anati adulenso mawuwo. Abwana anadandaula kuti tikuwawonongera katundu, koma mtsikanayo anadula.

Potsika pabenchi mtsikanayo anandipatsa chidutswacho osandiyang'ana, n'kunong'ona kuti, "Koma pafoni zinapita kale, amayi. Kunja ali nazo." Apongozi anandilanda chidutswacho, n'kuchipinda, n'kuchiika m'chikwama chawo. Sindinachionenso, ndipo sindinafunse.

Tikutuluka, abwana anandiitana. "Madamu, mwadzitsekera nokha khomo. Ife timadziwana m'mabungwe muno." Ananena mokweza kuti anthu a pakhomo amve.

Pobwerera tinatsikira pa Katete. Apongozi anagula mabanzi, n'kundipatsa limodzi. Madzulo ake anadya ndiwo zanga, ngakhale anati mchere wachepa.

Ntchito ndinadzaipeza chaka chotsatira, pa kampani ina yogula mbewu, ntchito yolemba matumba pa sikelo nyengo yokolola. Si imene ndinaphunzirira, koma pa intaviyu yake anandifunsa masamu, n'kundiuza tsiku lobwera, basi.

Mayi wa ku Vubwi uja ndinadzakumana naye mu minibasi yochokera ku Chipata, mvula itayamba. Anali ndi mwana kumsana, atakula ndithu. Tinazindikirana nthawi yomweyo. Ndinamufunsa ngati anamuitana ku ntchito ija. Anaseka pang'ono, n'kuyang'ana pawindo.

"Anandiitana. Inu mutakana, anaimbira ine."

Anandifotokozera motsitsa mawu kuti ena asamve. Anapita. Anamuika pakanyumba kaja ndi ana a eni mudzi, anawauza kuti azimutchula amayi. Alendo anabwera pa galimoto ziwiri, ndipo palibe anazindikira kuti si mayi wa pachithunzi uja. Mmodzi wa iwo, mayi wachikulire wa tsitsi loyera, anamugwira manja onse awiri n'kulira zenizeni, misozi kutsika mpaka pakhosi. Anamufunsa dzina la malemu kuti azikamupempherera.

"Ndiye munati chiyani?"

"Ndinalibe lina m'mutu. Ndinatchula la amuna anga."

Anakonza chipewa cha mwana. Kenako anati mbuzi zimene a bungwe anapereka pamaso pa alendo zinali zobwereka kwa bambo wina wa butchala, ndipo galimoto zitangokhota, anyamata a butchalayo anabwera kudzazimasula. Abwana aja anamupatsa chitenje chatsopano ndi botolo la zakumwa, n'kumuuza kuti za ntchito adzamuimbira.

"Anaimba?"

"Ndimaimba ndine. Dzana ndinaimbanso."

Sindikanamudzudzula, ndinkadziwa kutalika kwa msewu wa ku Vubwi, ndiponso mmene munthu umamvera ukakhala ndi satifiketi m'nyumba chaka ndi chaka. Ndinangomufunsa ngati amuna ake akudziwa. Anapukusa mutu.

"Sabata yomweyo anadwala malungo. Ndinkawayang'ana ali gone pamphasa, ine mtima uli m'mwamba, ndikuti ndawaitanira ndine. Anachira. Koma mpaka lero akangotsokomola ndimadzidzimuka."

Minibasi inaima pa Katete, kondakitala akumenya chitseko kuti otsika afulumire. Mayiyo ankapitirira mpaka ku Sinda. Anati poti foni sakuyankha, akufuna akaonekere yekha.